Ndizingokhala duu kuti asandiberenso nzeru?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe amagwira ntchito pa kakampani kosindikiza makalenda ndi makadi a ukwati. Akuti anamuuza mnzawo ali pa lanchi kaganizo koti makasitomala azionetsedwa kaye dizaini pa WhatsApp asanasindikize, kenako Lolemba pa miting'i mnzawo uja nkukayankhula ngati zake, abwana mpaka kumuombera m'manja. Ndiye akufunsa kuti kodi zothandizana pantchitozi zili ndi phindu, kapena aliyense azingosunga nzeru zake mumtima?

Achemwali, pepani kaye, zimawawa zimenezo. Inenso zinandichitikirapo pa ofesi ina, ndinakhala mwezi wathunthu ndikungoyankha kuti "palibe choonjezera" pa miting'i iliyonse, ndipo amene anatopa ndi ntchito mwezi umenewo ndinali ine ndemwe. Sindikuuzani za mutu umodzi susenza denga, munaimva kale kuyambira ku pulayimale. Koma timapepala tachikasu tomamata tija timati Post-it mumatidziwa eti? Mwina tili pa desiki panu pompano.

Mu 1968 mkulu wina dzina lake Spencer Silver, katswiri wa zamakemikolo ku kampani ya 3M ku Minnesota m'dziko la America, ankayesa kupanga guluu wamphamvu kwambiri koma zomwe zinatuluka ndi guluu wofooka, womata pang'ono ndithu koma ukamatula amachoka bwinobwino osasiya zipsera, ndipo utha kumatanso pena. Ntchito yake sinkadziwika. Wina akanangobisa mu dirowa kuopa kusekedwa, koma iyeyu anakhala zaka akuzungulira mu kampanimo, kumauza anthu m'maseminala kuti taonani kanthu ndapezaka, kaya nkantchito yanji koma kalipo. Tangoganizani munthu wamkulu kumalengeza chinthu chooneka ngati cholephereka chaka ndi chaka, ena ayenera kuti ankangoti wayambanso uja.

Ndiye panali mnzake wa kampani yomweyo, Art Fry, yemwe ankaimba kwaya ku tchalitchi. Amene munaimbako kwaya mukudziwa mavuto ake, umaika tizidutswa ta mapepala mu buku la nyimbo kuti usasowe peji, ukangotsegula tonse mbwee pansi, anzako ayamba kale vesi yoyamba iwe ukadali kusakasaka. Mu 1974 Fry anakumbukira guluu uja anamumva pa seminala, nkuganiza zomupaka pa kapepala. Poyamba ankangofuna chosungira peji basi. Zolembapo mauthenga zinabwera pomwe anamata kapepala kokhala ndi funso pa lipoti lopita kwa bwana wake, bwanayo nkuyankha pa kapepala komweko nkukabweza. Ngakhale mtundu wachikasuwo akuti unangochokera pa mapepala otsala omwe anali mu labu yoyandikana nayo. Atayesa kugulitsa mu 1977 ndi dzina loti Press 'n Peel malonda sanayende, mpaka anachita kugawa ulele m'maofesi a mumzinda wa Boise kuti anthu alawe kaye, ndipo dzina la Post-it linafalikira m'masitolo a ku America mu 1980. Zaka 12 kuchokera pa guluu uja!

Chimene ndikufuna muone nchoti Silver anali ndi yankho lopanda funso, Fry anali ndi funso lopanda yankho, ndipo palibe akanadziwa za mnzake Silver akanakhala duu. Maganizo ambiri pantchito amabwera ali theka choncho, theka linalo lili m'mutu mwa wa ku akaunti kapena dalaivala amene amamva madandaulo a makasitomala tsiku ndi tsiku. Ku 3M analinso ndi lamulo lolola akatswiri awo kugwiritsa 15% ya nthawi ya ntchito pa zoyesayesa zawo, nchifukwa chake Fry anapeza mpata, izi mabwana athu ena akazimva atha kukomoka. Koma simukusowa kupita ku America, mukaime pa magaraji a ku Biwi muone galimoto ikavuta, makaniko amakuwira mnzake wa shedi ina kuti aise tabwera udzamve kaphokoso aka, ndipo mawa naye adzaitanidwa.

Tsono pa nkhani yanuyi, vuto silinali kuyankhula ayi, vuto ndi loti munayankhula kwa munthu m'modzi pakona. Silver dzina lake silinasowe chifukwa ankayankhula pagulu, aliyense ankadziwa kuti guluu uja ndi wa ndani. Ndiye ulendo wina kaganizo kakabwera, kaponyeni pa gulupu ya ofesi kapena pa imelo yoti abwana alipo, ngakhale kasanapse, mungoti "ndikuganiza zakutizakuti, ndani angandithandize kuziwongola?" Deti ilipo, dzina lanu lilipo, wofuna kuba ayambira pati. Ndipo inunso wina akakuthandizani muzimutchula dzina pa miting'i, anthu amatengera msanga zimenezi kuposa mmene mungaganizire.

Mnzanu ujayo mukambirane naye pambali, mofatsa, mungomuuza kuti munaona ndipo sizinakusangalatseni. Komanso poti za WhatsApp zija mwini wake ndinu, ndinu amene mukudziwa zotsatira zake, monga kasitomala akasintha maganizo kachitatu alipira ndani, nanga akavomera pa foni kenako nkudzakana mtundu utasindikizidwa kale zikhala bwanji. Zimenezo zilembeni mukazitule Lolemba likubwerali, mundiuze mmene ziyendere.