GCC kapena Clang: musamvere mphekesera pomanga kernel ya Linux

Mmodzi wa awerengi wandilembera imelo kufunsa compiler (pulogalamu yosandutsa zolemba za anthu kukhala malamulo amene kompyuta imamva) yoyenera kugwiritsa ntchito pomanga kernel, ndiko kuti phata la Linux, popeza anzake amuuza kuti GCC ndi ya nkhalamba ndipo aliyense wasamukira ku Clang. Ndikupepeseni, bwanawe, koma anzanuwo andikhudza pachilonda.

Linux inakulira m'manja mwa GCC. Richard Stallman anatulutsa GCC mu 1987, ndipo pamene Linus Torvalds ankalemba kernel yake ku Helsinki mu 1991, iyi ndiyo compiler imene anagwiritsa ntchito. Chifukwa cha zimenezi, kernel sinalembedwe m'chilankhulo cha C chokhachokha, koma mu C yokhala ndi zowonjezera za GNU, ndipo Clang inavutika nazo kwa zaka zambiri. Inayamba kumanga kernel ya x86_64 popanda zigamba mu 2019, Clang 9 itaphunzira asm goto, chimodzi mwa zowonjezerazo. Mpaka lero Debian, Fedora ndi Ubuntu, mitundu yodziwika ya Linux, amamanga ma kernel awo ndi GCC, choncho zoti aliyense wasamuka n'zabodza.

Ine ndinayamba ntchitoyi pa laputopu yakale imene chipangizo chake cha WiFi chinkafuna driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizocho) wosapezeka mu kernel, ndipo driver ameneyu ankamangidwa payekha kudzera mu DKMS, chida chomangira ma driver a kunja kwa kernel. Tsiku lina ndinamanga kernel ndi Clang, ndipo inayaka bwinobwino, osathamanga kuposa kale, osachedwanso. Koma nthawi yomanga driver itafika, DKMS inaitana GCC monga mwa chizolowezi chake, ndipo GCC inakana malamulo amene Clang yokha ndiyo imawadziwa. WiFi inazima, ndipo popanda WiFi ndinalibe njira yofufuzira palaputopupo chimene chalakwika, moti usiku wonse ndinakhala ndikuwerenga mauthenga a zolakwika pagalasi la foni. Anthu amene amalimbikitsa anzawo kusintha compiler sanena za usiku woterewu, ndipo pachifukwa ichi malangizo awo ndimawaona ngati opanda chifundo.

Sindikunyoza Clang ayi. Google imamanga nayo ma kernel a Android ndi ChromeOS, ndipo ili ndi zifukwa zomveka: Clang imodzi yomweyo imamangira makina a arm64 ndi a x86_64, pamene GCC imafuna compiler yosiyana pa mtundu uliwonse wa purosesa. Link-time optimization (LTO), njira yokonzera pulogalamu yonse pamodzi poilumikiza, inalowa mu kernel 5.12 mu 2021 kudzera mu Clang. FreeBSD, operating system ina yosiyana ndi Linux, nayo inasamukira ku Clang pa mtundu wake wa 10.0 mu 2014, ngakhale kuti mbali yaikulu ya nkhaniyo inali layisensi ya GPLv3 imene GCC inatenga, osati liwiro. Chilankhulo cha Rust, chimene chinalowa mu kernel 6.1 mu 2022, chimadaliranso LLVM, maziko amene Clang inamangidwapo. Ndiponso kukhala ndi ma compiler awiri kwathandiza kernel, chifukwa cholakwika chimene imodzi imachidutsa mwakachetechete, inayo imachichenjeza. Koma zonsezi ndi zifukwa za makampani ndi za anthu olemba kernel, ndipo munthu amene akungofuna kuti kompyuta yake iyake mawa m'mawa sayenera kuzisenza.

Tsono muchite chiyani?

Lembani cat /proc/version kuti muone compiler imene inamanga kernel yanu yapano, kenako mugwiritse ntchito yomweyo, imene mwachidziwikire ndi GCC. Mu Documentation/process/changes.rst mupezamo mtundu wakale kwambiri umene kernel yanu ingalole. Ngati mukumangira foni ya Android kapena mukufuna LTO, tengani Clang ndipo mulembe make LLVM=1, koma muonetsetse kuti ma module onse (zidutswa za kernel monga ma driver), kuphatikizapo a DKMS, amangidwe ndi Clang yomweyo. Kernel yakale musaichotse mu GRUB, mndandanda wosankhira kernel poyatsa kompyuta, mpaka yatsopanoyo itatsimikiza kuti WiFi ikugwira ntchito.