Msewu wothera pampanda wa munthu

Funso: Akonzi, ine ndimakhala ku Mchengautuwa, ndipo mchemwali wanga amakhala tsidya lina la dambo, pafupi kwambiri moti utsi wa kukhitchini kwake ndimauona ndili pakhonde. Koma kuti galimoto ikafike kwawoko, imayenera kutulukira kaye kumsewu waukulu n'kuzungulira mtunda wautali. N'chifukwa chiyani misewu ya m'madera atsopano silumikizana ngati ya pakati pa tawuni? — Wowerenga wa ku Mzuzu

Yankho: Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Gwero la vutoli ndi lakuti nyumba zimayamba kumangidwa msewu usanajambulidwe. Mzuzu idayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ngati esiteti ya mitengo ya tung, yomwe njere zake amayengera mafuta, ndipo idalandira ulemu wokhala mzinda mu 1985. Kalembera wa 2008 adapeza anthu pafupifupi 134,000, koma pofika 2018 chiwerengerocho chidapitirira 220,000. Ambiri mwa anthu owonjezerekawa sadapeze malo pomwe khonsolo idadula kale mapuloti, choncho adagula kwa eni minda m'mphepete mwa mzinda.

Wogulitsa malo otere amayeza puloti ndi mapazi kapena chingwe, ndipo kanjira kamene amasiya n'kongokwanira kufika pakhomo la wogulayo basi. Wogula wachiwiri amachitanso chimodzimodzi, wachitatu n'kudzamanga mpanda wa njerwa pamene njirayo ikadapitirira. Palibe amene walakwa mwadala, komatu zotsatira zake ndi misewu yooneka ngati nthambi za mtengo, yonse yokathira mu M1 kapena mu M5 wopita ku Nkhata Bay, popanda nthambi yokhudzana ndi inzake. Zitunda ndi madambo a Mzuzu zimawonjezera vutoli, chifukwa kulumikiza mbali ziwiri kumafuna mlatho, ndipo mlatho sumangidwa ndi munthu mmodzi.

Mtengo wake mumaulipira tsiku ndi tsiku ngakhale simuuwerengera. Wakabaza amakulipiritsani mtunda wozungulirawo, mapaipi a madzi amatalika, ndipo ambulansi yochokera kuchipatala chachikulu imakaima patali, wodwala n'kunyamulidwa pamanja kudutsa pakati pa mipanda.

Chodetsa nkhawa n'chakuti msewu ukakhazikika susuntha. Moto utawononga London mu 1666, katswiri wa zomangamanga Christopher Wren adajambula mapulani a misewu yatsopano yowongoka, koma eni malo adamanganso motsata misewu yakale yomweyo. Ngati zidakanika pamalo pomwe padali phulusa lokhalokha, kuli bwanji pomwe pali nyumba zamalata zofunika chipukuta misozi?

Kwanu kuno sindikuona kuti msewu wa galimoto ungabwere msanga. Chotheka n'chakuti inu ndi anansi anu mukaonane ndi amfumu komanso khansala wa dera lanu, kuti tinjira ta oyenda pansi timene tatsala tilembedwe kukhonsolo tisanatsekedwe ndi mipanda, makamaka kanjira kamene mumawolokera dambo popita kwa mchemwali wanu.