Musanaode katundu, onani kumene anapangidwa

Achimwene ndi achemwali amene mwangotsika basi pa Intercity ndi kampamba kanu m'chikwama, tamverani izi musanayambe geni. Ine ndinazidziwa nditalira kale.

Dzina loti COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, mulimva paliponse muno mu Lusaka, kuyambira kulikulu lake pa Ben Bella Road mpaka kumsika uja timaodako zovala, ndiye munthu umangoti maiko onse otizungulira ali momwemo. Ayi ndithu. Mozambique inatuluka, Tanzania nayo inatsanzika mu 2000, chaka chomwe Malawi ndi Zambia anayamba kugulitsana katundu wawo popanda msonkho wa paboda. Pa maiko atatu amene ife a ku Malawi tinachita nawo malire, latsalamo ndi la Zambia lokha. Chonsecho mafuta ndi feteleza wathu zimadzera ku Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, madoko a anthu omwe anatuluka aja.

Musati izi n'za akuluakulu a m'maofesi. Zimafika m'thumba mwa wageni. Pa Mwami, boda ya Zambia ndi Malawi, pali ndondomeko ya amalonda ang'onoang'ono yotchedwa STR: katundu wosapitirira mtengo umene unaikidwa mumangolemba fomu yaifupi, duty osalipira, ngakhale misonkho ina monga VAT imakhalapobe. Koma katunduyo akhale wolimidwa kapena wopangidwa ku Zambia kuno kapena kwathu, ndipo akhale pamndandanda umene maiko awiriwa anagwirizana.

Ine ndinaoda mabelo awiri a zitenje pamsika pompano, mumtima ndikuti poti ndagula mu Lusaka ndiye kuti n'za ku Zambia. Kufika paboda, ofesala anafunyulula chitenje chimodzi, osayankhula kanthu, n'kungondilozera ndi chala m'mphepete mwake. Panalembedwa kuti chinapangidwa ku Tanzania. Msonkho wonse unandigwera, mpaka ya thiransipoti yokafikira ku Lilongwe ndinachita kubwereka kwa mayi wina wa ku Mchinji yemwe tinakhala mpando umodzi m'basi.

Wina ati, nanga si tonse tili mu SADC, bungwe la maiko a kumwera kwa Africa? Zoona. Koma kumeneko amafuna satifiketi yotsimikiza kumene katundu anapangidwa, yochokera kudziko lomwelo, ndipo mayi wogulitsa pabenchi sangakupatseni pepala limenelo.

Choncho pooda tembenuzani katunduyo, muwerenge chizindikiro musanatulutse ndalama. Ulendo woyamba wodutsa pa Mwami kafunseni mndandanda uja pa desiki yothandiza amalonda, muujambule pafoni. Malisiti musataye, ngakhale atakhala olemba pamanja.