Wailesi ya VHF pa nyanja ya Cahora Bassa ku Mozambique: vuto limakhala pa eriyo

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake wailesi yanu ya m'manja ya VHF (yolankhulirana pa maboti) imalephera kufika kwa anzanu ogwira kapenta mukatalikirana panyanja, komanso ngati kuli bwino kugula yomangirira m'boti.

Gulani, koma mudziwe kuti chimene chimathandiza kwambiri ndi kutalika kwa eriyo. Mafunde a VHF amayenda molunjika, ndiye phiri likatchinga, monga m'mipata ya pakati pa mapiri kufupi ndi tauni ya Songo, mawu amaduka. Ya m'manja imatulutsa mawati 5 kapena 6 ndipo eriyo yake imakhala pafupi ndi madzi. Yomangirira imatulutsa mawati 25, koma imaonetsa mphamvu zake eriyo ikakhala pamwamba pa denga. Polumikizira waya wa eriyo pakalowa madzi pamachita dzimbiri, mumamva anzanu pang'onopang'ono koma iwo osakumvani. Pakulungeni ndi tepi yosalowa madzi. Musadine batani lolankhulira eriyo isanalumikizidwe, mukhoza kupsereza wailesi.

Squelch (kopotoza kochotsera phokoso) muipotoze mpaka phokoso lingosiya, mukapitirira mudzatsekereza mawu akutali. Waya wamagetsi upite pa batire ya mavolti 12 kudzera pa fyuzi yakeyake.

Tchanelo 16 ndi yoitanirana ndi ya ngozi. Mukapezana, samukirani ina, chonde. Batani lofiira la DSC, lotumizira uthenga wa ngozi, limafuna nambala ya MMSI (nambala yozindikiritsa boti lanu), ndipo popanda GPS silitumiza pamene muli.