Yankho kwa achemwali amene afunsa za nkhuku yokazinga ya kumwera kwa America

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mukufuna kukazinga nkhuku ija ya kumwera kwa dziko la United States of America, ya anthu awiri kapena atatu basi, koma mukayesa kunja kumapserera mkati muli magazi, ndipo ufa umasendeka n'kutsalira m'mafuta. Mwafunsanso ngati pakufunika kugula makina okazingira a magetsi. Makinawo asiyeni m'sitolo momwemo, ndalamayo mugulire nkhuku ndi mafuta abwino.

Ndaona ena akuti chinsinsi chake ndi zokometsera 11 za KFC. Ine ndikutsutsa. Harland Sanders, amene anayambitsa KFC, pamalo ake odyera ku Corbin m'chigawo cha Kentucky, vuto lake linali la bizinesi: makasitomala ankatopa kudikira nkhuku ya m'chiwaya, n'chifukwa chake anayamba kukazingira mu poto wotseka wa mpweya (pressure cooker) kuti ipse msanga. Koma nkhuku ya m'makomo m'zigawo za kumwera za Georgia, Alabama, Mississippi ndi Tennessee ndi yakale kuposa iyeyo, ndipo imapsa m'chiwaya cholemera chachitsulo, mafuta ongofika theka la nthuli. Amene anaikometsa kwambiri anali amayi achikuda amene ankaphika m'makhitchini a azungu nthawi ya ukapolo. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itatha mu 1865, m'tauni ya Gordonsville ku Virginia amayi otere ankasenza nkhuku yokazinga pamutu n'kumagulitsa pa mawindo a sitima ikaima. Aliyense amene anagulapo chakudya pa windo la basi akudziwa chithunzi chimenecho. Amayiwo analibe makina aliwonse, anali ndi moto, chiwaya ndi khutu.

Ine ndinaphunzira kwa mayi wina wachikulire wa kutchalitchi kumene ndinkapemphera ndili pasukulu ku Georgia, ndipo zimene ndilembe apa ndi zimene ndimachita mpaka pano pakhomo panga.

Tiyambe ndi nkhukuyo. Gulani ya chizungu ya nyama ija, yaing'ono, ya kilogalamu imodzi ndi theka kapena kucheperapo. Yachikuda ndimaikonda, koma malo ake ndi mumphika ndi tomato, chifukwa ndi yolimba ndipo mphindi 15 za m'mafuta siziifewetsa. Kwa anthu awiri kapena atatu nthuli zisanu ndi imodzi zakwana: ntchafu ziwiri, miyendo iwiri, mapiko awiri. Chidale chisungeni cha tsiku lina, kapena ngati mwachifuna chiduleni pakati, chifukwa chikakhala chathunthu ndi chimene chimavuta kupsa. Khungu musachotse.

Ndiye pali kunyika. Ku Americako amanyika nkhuku mu mkaka wowawasa umene amautcha buttermilk. Musavutike kuusaka, chambiko amagwira ntchito yomweyo bwinobwino, bola akhale wopanda shuga. Amene muli ku Zambia tengani mabisi, a ku Joni amasi. Zonsezi zikasowa, thirani supuni yaikulu imodzi ya madzi a ndimu kapena viniga mu kapu ya mkaka, mudikire mphindi 10. Pa nthuli zisanu ndi imodzi chambiko wa 500ml ndi wambiri kale. Muthiremo timasupuni tiwiri ta mchere, adyo wosinja zidutswa ziwiri, ndi tsabola pang'ono, n'kumiza nyama yonse. Ikhale m'firiji maola osachepera anayi, koma ikagona usiku wonse ndi pamene mumamva kusiyana. Kuwawasa kwa chambiko kumafewetsa nyama pang'onopang'ono, ndipo mchere umalowa mpaka pa fupa. Nkhuku yambiri imene anthu amakazinga imakoma pakhungu pokha, mkati zii, chifukwa mchere anauthira mu ufa mokha. Ngati firiji mulibe kapena magetsi azima, musaisiye panja kupitirira maola awiri, ndipo nyengo yotentha ngati ya Okutobala ola limodzi lakwana.

Ufa wake ndi fulawa wamba, kapu imodzi ndi theka. Ine ndimawonjezera masupuni atatu a cornflour (ufa wosalala wa sitachi ya chimanga, osati ufa wa nsima) chifukwa amapangitsa chikamba kukhala chokukuta, kasupuni kamodzi ka mchere, kamodzi ka tsabola wakuda, tiwiri ta paprika ndi theka la tsabola wofiira wa ufa. Ndi zomwezo. Mayi uja ankathira mchere ndi tsabola wakuda basi, ndipo anthu ankalimbirana. Kambuzi wamuwisi musamuike mu ufa, amapserera n'kuwawa. Ngati mukumufuna musinjireni mu chambiko muja.

Tsopano za ufa umene ukukusendekeraniwo. Pali zinthu ziwiri. Choyamba, dontheserani masupuni awiri kapena atatu a chambiko wonyikira uja mu ufa, n'kufikisa ndi zala mpaka pakhale timibulu. Timibulu timeneti ndi timene timasanduka tiziphuphu tokukuta tija. Tengani nthuli imodzi, muikunthe pang'ono kuti chambiko wambiri adonthe, muiike mu ufa n'kukanikiza ndi dzanja mbali zonse, mpaka m'khwapa mwa phiko. Mayi uja ankathira ufa m'chikwama cha pepala n'kumakhutchumula nthuli ziwiriziwiri, jumbo yoyera imachitanso. Chachiwiri, chimene ndikukhulupirira kuti mukudumpha: mukamaliza kupaka, yalani nthulizo pa thireyi muzisiye mphindi 15 mpaka 20. Mudzaona ufa uja woyera mbee wasanduka wonyowa, wamata ngati phala. Pamenepo ndiye wagwirana ndi khungu ndipo suchokanso. Nthawi yomweyi ikuthandizanso kuti kuzizira kwa firiji kuchoke mu nyama. Chambiko wotsala mutaye, munali nyama yaiwisi.

Moto ndi pamene pagona nkhani yonse. Tengani chiwaya kapena poto wolemera kwambiri amene muli naye, wokhala ndi m'mbali mwakuya. Kachiwaya kopepuka kamatentha msanga n'kuziziranso msanga, ndiye nkhuku imapserera pansi pokha. Mafuta akhale akuya masentimita awiri kapena atatu, zimene mu poto wapakatikati ndi theka la lita kapena kuposa pang'ono, ndipo asadutse theka la poto chifukwa amakwera mukaika nyama. Makolo a kumeneko ankakazingira mafuta a nkhumba, ambiri lero amakonda a mtedza, koma a mpendadzuwa kapena a soya amene timaphikira tsiku ndi tsiku alibe vuto. Ngati muli ndi koyezera kutentha, mafuta afike madigiri 175 a Celsius musanaike nyama, ndipo ikalowa atsike n'kumakhala cha m'ma 160. Ngati mulibe, viikani nsonga ya mthiko wouma: tithovu ting'onoting'ono tikamatuluka mwachangu mozungulira mthiko, akonzeka. Kaufa mukawaza kayenera kuyandama n'kumalira nthawi yomweyo. Kakada pompo kapena mafuta akayamba utsi, mwapitiriza, chotsani pamoto apume.

Ine phunziro limeneli ndinalilipira. Nditangobwerera kumudzi ndinafuna kuonetsa apongozi anga zimene ndinaphunzira kunja. Magetsi anali atazima, ndinadzaza mbaula ndi makala mpaka pakamwa, moto uli psuu. M'mphindi zisanu nkhuku inali itafiira mokongola, ine n'kuphula ndikunyada. Apongozi atang'amba ntchafu, madzi ofiira anayenderera pa mbale. Sananene kanthu. Anangoikankhira pambali n'kupitiriza nsima ndi mpiru mpaka kusamba m'manja. Kuyambira tsiku limenelo pa mbaula ndimayala makala ochepa, amene ayaka kale mpaka kuchita phulusa pamwamba, ndipo ndimasunga ena pambali oti ndiziwonjezera limodzilimodzi. Moto ukakula ndimaphula poto kwa kanthawi, palibe manyazi.

Ikani nthuli mofatsa, khungu pansi, mukuzigonekera kumbali yotalikana ndi inu kuti mafuta asakuthovukireni. Zitatu zokha pa ulendo umodzi. Mukadzaza poto mafuta amazizira, nkhuku imayamba kuwira m'malo mokazingika, ndipo imamwa mafuta ngati thonje. Apa ndi pamene chakudya cha anthu ochepa chimakomera, maulendo awiri mwamaliza mafuta asanade. Yambani ndi ntchafu ndi miyendo. Vundikirani mphindi zisanu zoyamba, chivundikiro chitasiya kampata, kuti nthunzi ithandize kupsetsa mkati, kenako vundukulani osavundikiranso. Povundukula samalani madzi a pansi pa chivundikiro asadonthere m'mafuta. Ndipo manja apume, achemwali. Kutembenuzatembenuza ndi foloko ndi kumene kumasenda chikamba. Dikirani mphindi zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, mutembenuze kamodzi, mbali inayo ipsenso chimodzimodzi. Ntchafu ndi miyendo zimatenga mphindi 14 mpaka 18, mapiko 8 mpaka 10.

Mayi uja sankayang'ana wotchi. Ankaima chapatali akupukuta mbale, khutu lili ku chiwaya. Nyama ikangolowa mafuta amachita phokoso ngati mvula pa malata, chifukwa madzi akutuluka. Ikamayandikira kupsa phokosolo limatsika, kumangomveka kulira kwapansipansi. Akamva zimenezo ankaika mbale pansi n'kupita kukaphula. Poyamba ndinkaona ngati matsenga, pano nanenso ndimamva. Komabe inu mukadali kuphunzira, bayani nthuli yaikulu kwambiri ndi nsonga ya mpeni mpaka pa fupa: madzi atuluke oyera, nyama isakhale yonyezimira ngati yaiwisi. Pa koyezera, mkati mufike madigiri 74. Fupa lenilenilo likaoneka lodera musadandaule, nkhuku zazing'onozi zimatero ngakhale zitapsa. Kunja kukafiira mkati musanapse, malizirani mu uvuni wa madigiri 180 kwa mphindi 10, kapena mubwezere m'mafuta pa moto wochepa.

Mukaphula musaunjike pa nyuzipepala kapena m'mbale yovundikira, nthunzi imanyowetsa chikamba chonse chija mwavutikira. Yalani pa kawaya ka mu uvuni kapena kowotchera nyama, mpweya uzidutsa pansi, muwaze kamchere, mudikire mphindi 10. Mafuta akagwira moto, Mulungu aletse, madzi ayi. Vundikirani poto n'kuzimitsa moto.

Zodyera: kumeneko amaika mbatatesi yoponda, masamba a mtundu wa repu ophikidwa nthawi yaitali, ndi buledi wa ufa wa chimanga amene mukamulawa mukumbukira chigumu. Msuzi wake ndi woyera ndipo ndi wosavuta. Khuthulani mafuta, musiye masupuni awiri pamodzi ndi tizinyenyeswa tofiira ta pansi, muthire masupuni awiri a fulawa watsopano, mutakase mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako kapu imodzi ndi theka ya mkaka pang'onopang'ono mukutakasabe, mchere ndi tsabola wakuda wambiri. Kwathu kuno amuna anga msuzi woyerawo anaukana kuti ukuoneka ngati phala la mwana, ndiye iwo amadyera nsima ndi tomato wokazinga, ine mbatatesi, ndipo pakhomo pali mtendere.

Mafuta otsala akazizira asefeni ndi kansalu koyera, mutha kukazingiranso kamodzi kapena kawiri. Nthuli ikatsala ikani m'firiji mudye mawa lake yozizira yomweyo, imakomabe. Mukayesa Loweruka lino mutiponyere chithunzi cha ntchafu yong'ambidwa pakati, ndikufuna ndione pa fupa.