Ndalama ya chakudya ikutha mwezi usanathe: ndichite bwanji?

FUNSO: Alangizi, ine ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Chirimba mumzinda wa Blantyre. Bambo a kunyumba akalandira malipiro amandipatsa ndalama ya chakudya cha mwezi wonse, koma pofika pa 20 ndimakhala nditayamba kale kukongola mafuta ndi shuga pa okala ya pafupi. Sitidya zapamwamba ayi, komabe sindiona kumene ndalama ikulowera. Kodi ndingatani kuti izifika kumapeto kwa mwezi popanda kuwamana ana chakudya?

Mayi wa ku Chirimba

YANKHO: Mayi, musadziimbe mlandu wonse, chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu yakwera kuposa malipiro a anthu ambiri. Komabe pali njira ina imene ndalama imathawira ife tikuona, ndipo imeneyi mungathe kuitseka nokha. Ndikunena za funso loti "lero tidya chiyani?" likamafunsidwa dzuwa lili paliwombo, ana atatsala pang'ono kuweruka kusukulu. Nthawi imeneyo munthu sasankhanso. Amangotuma mwana kuti akagule mafuta oyeza, kamulu ka tomato ndi kapaketi ka ufa, osakumbukira kuti wogulitsa amaikapo phindu lake pa kamuyezo kalikonse, ndiye inu mukumulipira phindulo kasanu ndi kawiri pa sabata.

Funso limeneli muziliyankha kamodzi, Lamulungu madzulo. Musanalembe chilichonse, yambani mwaona zimene zilipo kale m'nyumba: ufa watsala wochuluka bwanji, nyemba zilipo kodi, nanga nsinjiro ndi mfutso uja munasunga. Mukatero tengani kope lakale la mwana n'kulemba ndiwo za masiku asanu ndi awiri. Mwachitsanzo, Lolemba nyemba ndi mpiru, Lachiwiri usipa ndi nkhwani wotendera, Lachitatu nyemba zotsala zija ndi therere, Lachinayi mazira, Lachisanu soya, Loweruka matemba, ndipo nyama kapena nkhuku muziisungira Lamulungu ngati thumba lalola. Zimene zikusoweka pa ndandanda imeneyi ndizo zokhazo zimene mukagule, ndipo kumsika muzipita nokha mutanyamula pepalalo.

Pa nyemba ndiimepo pang'ono, popeza anthu ambiri akamawerengera mtengo wa chakudya amaiwala makala. Nyemba zoviika m'madzi usiku wonse zimapsa msanga, ndipo mukaphika za masiku awiri pa moto umodzi mwapulumutsa makala a tsiku lathunthu. Ngati mulibe fuliji, zotsalazo muziziwiritsa bwino musanagone komanso musanazipereke patebulo, ndipo zisapitirire tsiku lotsatira. Zikatero nyemba zotsala zija muzidye Lachiwiri m'malo mwa Lachitatu. Mkute nawonso usamatayidwe, bola utenthetsedwe mokwanira, ndipo ngati nsima imatsala tsiku ndi tsiku ndiye kuti ufa mukuuchulutsa mumphika.

Nkhawa yanu yoti ana angamanidwe ndaimva, ndipo ndi yoyenera. A zaumoyo m'dziko muno amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Palibe gulu limene limafuna kuti munthu akhale wolemera. Usipa ndi bonya, zimene timadya ndi minga yomwe, zili m'gulu limodzi ndi nyama ya ng'ombe. Bonongwe ndi chisoso zimamera zokha nthawi ya dzinja. Nsinjiro zimalowa m'malo mwa mafuta m'ndiwo zamasamba komanso zimalemeretsa phala la mgaiwa la m'mawa. Zipatso muzitsata nyengo yake: mango kumapeto kwa chaka, mapeyala ndi magwafa dzinja likamatha, manachesi nthawi yozizira. Mbatata ikachuluka pamsika, buledi adikire.

Ndalama ija mukangoilandira, muziigawa pawiri. Gawo loyamba ligule tsiku lomwelo zinthu zosawonongeka msanga, monga chimanga, botolo lalikulu la mafuta, shuga, mchere, nyemba ndi nsomba zouma. Gawo lotsala ligawidwe panayi, sabata iliyonse ndi ndalama yakeyake, ndipo ya sabata yamawa isagwidwe ngakhale wogulitsa chambo atafika pakhomo. Mukakwanitsa, chimanga muzigula anthu akangokolola, cha mu Meyi ndi Juni, n'kuchiteteza kwa anankafumbwe, chifukwa mu Januwale ndi Febuluwale mtengo wake umakhala utakwera kwambiri.

Kopelo muwaonetsenso bambo a kunyumba, makamaka mukalembamo mtengo wa chilichonse chimene mwagula kwa masabata awiri oyambirira, kuti akamakupatsani ndalama ya mwezi wamawa azidziwa kuti botolo la mafuta likugulidwa zingati masiku ano. Ndipo poti kwathu kuno mlendo sapanganika, pa ndalama ya sabata iliyonse muzipatulapo kangachepe ka mazira kapena usipa wa tsiku limene achibale atulukira mwadzidzidzi.