Yankho kwa mphwanga wa ku Domue amene akupita ku Coimbra

Mphwanga, ndaona funso lako loti wapeza bolsa, thandizo la ndalama za maphunziro, ya ku Coimbra ku Portugal ndipo anthu akukuuza kuti ukafika ukachite voluntariado, koma iwe ukuti bwanji ndikagwire ntchito yaulere pomwe ndalama ndilibe. Ndikuyankhe ngati munthu amene anakhalako, ine wa ku Ulongwe konkuno ndinaphunzira ku Lisboa.

Ndalama simo, zimenezo usayembekezere. Ngati wafuna ya renda ukasake biscato, ndiye kuti ganyu, ndi nkhani ina imeneyo. Koma kumbukira dima kwathu kuno, umapita kukalima munda wa mnzako tsiku lonse malipiro ake thobwa ndi nsima basi, koma tsiku loti denga lako lasasuka ndi mphepo anthu omwewo ndi amene amafika ndi udzu. Kumeneko kulibe dima, kulibe kukumana pachigayo kapena pamaliro, munthu utha kukhala mu prédio miyezi isanu osadziwa dzina la woyandikana naye khomo. Miyezi yanga yoyamba ndinkangoti faculdade, chipinda, faculdade, chipinda, Lamlungu lonse pa WhatsApp ndi amayi mpaka iwo anandifunsa kuti kodi kumeneko kulibe anthu?

Chinanditulutsa ndi Banco Alimentar, bungwe lotolera zakudya zothandizira osowa. Iwowa kawiri pa chaka, cha kumapeto kwa Meyi ndi cha kumapeto kwa Novembala, amaika anthu pamakomo a masupermercado ngati Pingo Doce ndi Continente, ntchito yake kupereka thumba kwa olowa nkulandira mpunga, mafuta, mkaka akamatuluka. Ndinaima maola atatu ndi agogo ena aakazi amene anakulira ku Beira nkuchoka 1975, atamva kuti ndine wa ku Tete anayamba kundifunsa za mlatho wa pa Zambezi ndi kutentha kwake, ine nkuwauza kuti kwathu ku Angonia mwezi wa Juni timafunda mabulangete awiri, anakana kukhulupirira kkkk. Koma zimenezo ndi za masiku awiri, zikatha aliyense kwawo.

Chenicheni ndinachipeza ku Refood. Anayambitsa ndi mzungu wa ku America, Hunter Halder, mu 2011 ku Lisboa komweko, ankazungulira pa njinga kutolera zakudya zotsala m'malesitilanti nkukapatsa mabanja ovutika. Amangopempha maola awiri pa sabata. Ine ndinatenga Lachitatu madzulo, ena amakatenga miphika ndi buledi ku mapastelaria, ife timapakira m'timabokosi, kulemba zomwe zilimo, kenako kutsuka. Ndipo nkhani yonse ili pamenepo, kuti ndi anthu omwewo Lachitatu lililonse. Sabata yoyamba uli mlendo, yachinayi akudziwa dzina, ukajomba amaimba foni kuti kodi wadwala? Mayi wina wa m'gulumo ndi amene anandiperekeza ku centro de saúde kukatenga número de utente, nambala yolandirira chithandizo kuchipatala cha boma, wina anandipatsa jekete yokhuthala Disembala atafika, chipinda changa chachiwiri chotchipa ndinachimva tikutsuka mbale. Zotere sungazipeze pa intaneti.

Ndiye pali chiyankhulo. Tonse timapita tikudzitama kuti chipwitikizi tinayamba ku primária, ukafika ukupeza anthu akumeza mawu theka, iwe kumangoti como? como? Ukati matabicho akuyang'ana, iwo amati pequeno-almoço, machimbombo ndi autocarro. M'kalasi umachita manyazi kufunsa kawiri koma m'khitchini muli phokoso ndi nthabwala palibe amakuwerengera, khutu langa linatsegukira momwemo.

Chenjezo nalo lilipo. Ndinapitako pamalo ena, sinditchula, amati voluntariado koma kunali kunyamula mipando ndi matebulo pa phwando lolipiritsa mpaka 2 koloko usiku, iwo akulandira ndalama pakhomo ife tinapatsidwa sanduíche imodzi ndi skipa. Kumeneko nkudyera ana a eni masuku pamutu, sindinabwererenso. Dziwa kuti kuli lamulo la voluntariado, Lei 71/98, limati bungwe liyenera kukuika pa seguro, ndiye kuti inshuwalansi, ndi kugwirizana nawe momveka ntchito yako ndi maola ake. Akayamba kuzemba ukafunsa za seguro, tuluka. Ukamasiya upemphe declaração yolembedwa, imathandiza pa CV.

Komanso usatenge zambiri. Bolsa imafuna manotsi, ukalakwa macadeira, maphunziro ako aja, chifukwa chothamanga ndi mabungwe asanu palibe adzakumvere chisoni. Malo amodzi, tsiku limodzi, zakwana. Nthawi ya mayeso uwauze poyera kuti sindibwera masabata awiri, amamva bwinobwino.

Anzathu a ku Mozambique uwasake ndithu, mudzaphika limodzi nsima ndi kudandaula za mapepala a ku AIMA, ofesi yoona za alendo ochokera kunja, zimenezo zimatsitsa mtima. Kungoti ukangokhala mwa iwo okha udzabwerako patatha zaka zitatu usanalowepo m'nyumba ya mpwitikizi ngakhale mmodzi, ndinawaona otero. Ukafika Seputembala, malizitsa kaye NIF, nambala ya msonkho, ndi matrícula, kenako funsa ku associação académica kapena ku paróquia yapafupi komwe akufuna manja, kampeni ya Novembala ija udzakhale utalembetsa kale. Ufa wa mgaiwa wokha unyamule wakwanu ku Domue, wa kumeneko sugwira bwino.